Zimene mafupa a anthu akale a kugombe amaulula pa chakudya ndi ntchito zawo

Nthawi ndi nthawi pamamveka nkhani yakuti akatswiri apima mafupa a munthu amene anamwalira zaka 4,000 zapitazo, n'kupeza kuti ndiwo yake yaikulu inali nsomba, kapena kuti ankapalasa bwato. Womva amadabwa, ndipo m'pomveka. Mnofu unatha kalekale, m'mimba mulibe kanthu, nanga nsombayo aiona pati? Fupa limasungadi mbiri ya mwini wake, koma limasunga mbali yochepa, ndipo chizindikiro chimodzi chimatha kubwera ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu. Pamenepa ndi pamene mikangano ya akatswiri imayambira. Zitsanzo zambiri m'nkhaniyi zachokera kugombe la South Africa ndi la kumpoto kwa Chile, kumene njira zimenezi zayesedwa kwa zaka zambiri.

Kolajeni: kumene chakudya chimakasungidwa

Fupa louma limaoneka ngati mwala, koma m'thupi la munthu wamoyo silikhala chikhalire. Muli maselo ena amene amalikokota, ndi ena amene amamanga latsopano pamalo pokokotedwapo. Mwa munthu wamkulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa limasinthidwa chaka chilichonse, ndipo zomangira zake zimachokera m'mbale. Zili ngati denga la udzu limene mwini wake amalikonza pang'onopang'ono chaka ndi chaka: ukalisasula, upeza udzu wa kumadambo onse kumene wakhala akumweta.

Fupa lili ndi mbali yolimba ya kashiamu, ndi mbali ina yonga ulusi yotchedwa kolajeni, imene ndi puloteni. Kolajeni imapanga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa fupa louma. Aliyense amene anaphikapo mang'ina amaidziwa, chifukwa ndi imene imachititsa msuzi kuundana ukazizira.

Njira yoitulutsira m'fupa lakale inakhazikika kuchokera pa ntchito ya Robert Longin ya mu 1971, ndipo malabotale ambiri amaitsatira mosintha pang'ono. Amadula kachidutswa kosapitirira theka la galamu, n'kupala kunja kwake. Amakaviika mu asidi wofooka wa hydrochloric, m'firiji, kwa masiku angapo kapena milungu, mpaka kashiamu yense atasungunuka ndipo kachidutswako kafewa ngati labala. Ambiri amakatsukanso m'madzi a sodium hydroxide kuti achotse zakuda zochokera ku masamba owola a m'nthaka. Kenako amakatenthetsa m'madzi a asidi pang'ono, pa madigiri pafupifupi 70, kwa maola 48, kuti kolajeni isungunuke. Akasefa ndi kuumitsa pamatsala kanthu koyera konga thonje. Miligalamu imodzi yokha amaikulunga m'kachikopa ka chitsulo chofewa, n'kuiwotcha m'makina amene amayeza kulemera kwa maatomu a mu mpweya wotulukawo.

Zolakwika zimachuluka makinawo asanayatsidwe n'komwe. Kutentha ndi chinyezi zimawononga kolajeni, ndipo dothi la asidi limadya fupa lonse. Mafupa amene anasungidwa kalekale m'nyumba zosungira zinthu zakale nthawi zina anapakidwa guluu wopangidwa kuchokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, choncho wosasamala akhoza kupima chakudya cha ng'ombe ya guluuyo m'malo mwa cha munthu. Mu 1985 Michael DeNiro anapereka muyeso umene ukugwirabe ntchito: mu kolajeni yabwino, pa atomu imodzi ya naitrojeni pamayenera kukhala maatomu a kaboni pakati pa 2.9 ndi 3.6. Zikachepera kapena kupitirira pamenepo, zotsatira zimatayidwa. Zimatayidwanso kolajeni yotuluka ikachepera gawo limodzi pa 100 a kulemera kwa fupa.

Anthu a kugombe ali ndi mwayi pa nkhaniyi. Ambiri anaikidwa m'madzala a zigoba za nkhono zimene ankadya, ndipo laimu wa m'zigobazo amathetsa mphamvu ya asidi wa m'nthaka. N'chifukwa chake mafupa awo amasungika bwino kuposa a anzawo a kumtunda.

Fupa lililonse limanena za nthawi yake. La ntchafu limasinthika mochedwa, motero limapereka chithunzi cha zaka 10 kapena kuposa. Nthiti imanena za zaka zochepa zomalizira. Dzino silisinthika likangokhwima, choncho limasunga chakudya cha paubwana. Chimene sichinatsimikizike bwino ndi liwiro lenileni la kusinthaku mwa munthu aliyense. Kodi fupa la ntchafu la nkhalamba lasunga zochuluka bwanji za pa unyamata wake? Nanga ngati anthu a kumtunda mafupa awo anawola, tikuyerekeza a kugombewo ndi ndani?

Kaboni: za m'nyanja kapena za kumtunda

Maatomu a kaboni si ofanana onse. Ambiri ndi a kaboni 12, koma pafupifupi imodzi pa 100 alionse ndi ya kaboni 13, yolemererapo pang'ono. Mitundu yotereyi imatchedwa ma isotope. Zomera zikamatenga kaboni zimakhala ngati sefa, imene imalola wopepuka kudutsa mosavuta kuposa wolemera, koma masefa ake amasiyana. Mitengo, zitsamba, nyemba, mpunga, tirigu ndi mbatata zili m'gulu lotchedwa C3, limene limatenga kaboni 13 wochepa. Chimanga, mapira, mawere, nzimbe ndi udzu wambiri wa m'madera otentha zili m'gulu la C4, limene limatenga wochulukirapo. Zomera za m'nyanja yamchere nazonso zimakhala ndi kaboni 13 wochulukirapo kuposa za C3.

Kusiyanaku n'kochepa kwambiri, kotero amakuwerenga m'magawo pa 1,000 poyerekeza ndi muyezo umodzi wa dziko lonse lapansi, ndipo nambala ikamayandikira ziro ndiye kuti kaboni 13 akuchuluka. Kolajeni ya munthu wodya za kumtunda za C3 zokhazokha imakhala pafupi ndi −20. Ya munthu wodalira nyanja yamchere imafika cha m'ma −12.

Oyamba kugwiritsa ntchito njirayi pa mafupa a anthu anali J. C. Vogel ndi Nikolaas van der Merwe mu 1977, pofufuza nthawi imene chimanga chinafika kudera la New York. Mu 1981 Henrik Tauber anaonetsa kuti anthu akale a ku Denmark ankadalira kwambiri nyanja, ndipo ulimi utafika manambala awo anatembenukira ku za kumtunda.

Ku South Africa njirayi inalowa pa mkangano wodziwika bwino. Mu 1972 John Parkington wa ku University of Cape Town anapereka ganizo lakuti alenje ndi otola zakutchire a kugombe la kumadzulo ankasamuka ndi nyengo: m'nyengo yozizira ankakhala kunyanja, m'malo monga phanga la Elands Bay, ndipo m'nyengo yotentha ankakwera kumapiri a Cederberg. Umboni wake unali zotsalira za zomera ndi nyama zimene zimapezeka m'nyengo zodziwika. Cha m'ma 1985 ndi 1986, Judith Sealy ndi van der Merwe anapima mafupa a anthu a mbali ziwirizi. Akanakhala kuti anali anthu amodzi oyenda uku ndi uku, manambala awo akanafanana. Koma a kugombe anaonetsa za m'nyanja zambiri, pamene a kumapiri anaonetsa zochepa. Parkington sanavomereze kuti nkhani yatha. Mwa zina, ananena kuti kolajeni siimira zakudya zonse mofanana, ndiponso kuti mafupa opimidwawo anali ochepa komanso a nthawi zosiyanasiyana.

Mfundo ya kolajeniyo ili ndi maziko. Kafukufuku wa pa makoswe odyetsedwa chakudya choyezedwa, wa Stanley Ambrose ndi Lynette Norr mu 1993, anaonetsa kuti kaboni wa mu kolajeni amachokera makamaka ku puloteni. Kunena mwachidule, kolajeni imamva kwambiri ndiwo kuposa nsima. Munthu amene ankakhuta mizu ndi zipatso koma n'kumadya nsomba pang'ono tsiku lililonse akhoza kuoneka ngati msodzi weniweni.

Vuto lina ndi lakuti C4 ndi nyanja zimakokera nambala mbali imodzi. Kumadzulo kwa dera la Cape ku South Africa, kumene mvula imagwa m'nyengo yozizira ndipo zomera zambiri ndi za C3, njirayi imagwira bwino. Koma m'dera la mapira ndi mawere, kapena la nyama zodya udzu wa C4, nambala ya −13 ikhoza kutanthauza nsomba, mapira kapena zonse ziwiri. Nsomba za m'nyanja zopanda mchere ndi m'mitsinje sizitsatira lamulo limodzi, moti wofuna kupima mafupa a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi ayenera kuyamba wapima nsomba za m'nyanja yomweyo. Mafunso otsala ndi awa: kodi nambala ya pakatikati imasonyeza munthu wodya zosakaniza pamalo amodzi, kapena woyenda pakati pa malo awiri? Ndipo kodi kakhalidwe kamodzi kanakhalapo kwa zaka masauzande osasintha?

Naitrojeni: munthu ali pa khwerero liti

Naitrojeni nayenso ali ndi mitundu iwiri, 14 ndi 15. Chamoyo chikadya chinzake, thupi lake limatulutsa wopepuka wambiri mu mkodzo, n'kusunga wolemera. Motero wodya amakhala ndi naitrojeni 15 wochuluka ndi magawo 3 mpaka 5 pa 1,000 kuposa chakudya chake. Ganizirani makwerero: ndere zili pansi, tizilombo ta m'madzi timadya ndere, usipa umadya tizilomboto, ncheni amadya usipa, munthu amadya ncheni. Pamtunda makwerero ndi ochepa, udzu, mbawala, mlenje, basi. M'nyanja ndi ambiri, choncho wodya nsomba zikuluzikulu amakwera pamwamba kwambiri. Margaret Schoeninger, DeNiro ndi Tauber anaonetsa zimenezi pa mafupa a anthu mu 1983.

Chitsanzo chogwira mtima chili ku Plettenberg Bay, kugombe la kumwera kwa South Africa. Mu 2006 Sealy anafalitsa zotsatira za mafupa a anthu amene anakhalako pakati pa zaka 4,500 ndi 2,000 zapitazo. Oikidwa ku Robberg ndi malo oyandikana nawo anali ndi naitrojeni 15 wambiri, zogwirizana ndi kudya nsomba zikuluzikulu ndi ma seal, nyama za m'nyanja zoyamwitsa zimene nazonso zimadya nsomba. Oikidwa kuphanga la Matjes River, kumene kuli dzala la zigoba lozama mamita pafupifupi 10, anali ndi wocheperapo, zosonyeza chakudya chosakaniza. Malo awiriwa atalikirana makilomita 14 okha, mtunda woyenda theka la tsiku, ndipo pakati pawo pali mathiriro a mtsinje wa Keurbooms. Sealy anamasulira kuti awa anali magulu awiri okhazikika, lililonse ndi dera lake. Kusiyana kwa chakudya kumene kunakhalitsa mibadwo yambiri pa mtunda waufupi chotere si chinthu chaching'ono, ndipo zigoba ndi mafupa a nyama paokha sizikanakuonetsa pa munthu mmodzi mmodzi.

Komabe naitrojeni 15 amakweranso pa zifukwa zina. Kumadera ouma kwambiri nyama za kumtunda zimakhala naye wambiri, mwina kufanana ndi nsomba. Manyowa amamukweza m'mbewu. Mwana woyamwa amakhala pamwamba pa mayi ake ndi magawo 2 kapena 3, chifukwa akudya zochokera m'thupi la mayiyo, ndipo akatswiri amagwiritsa ntchito zimenezi, podula dzino m'tizigawo, kuti adziwe msinkhu umene mwana analekera kuyamwa. Njala yaikulu imamukwezanso, poti thupi limayamba kudya mnofu wake womwe. Nkhono zokha zili pa khwerero la pansi, choncho wodya nkhono zambiri saoneka kwambiri pa naitrojeni ngakhale akudalira nyanja. N'chifukwa chake kafukufuku wabwino amapimanso mafupa a mbawala, akamba, nsomba ndi ma seal a m'dzala lomwelo. Chosadziwika mpaka pano ndi kukula kwenikweni kwa khwerero la munthu, popeza kusiyana kwa 3 ndi 5 kumasintha kwambiri chiwerengero cha nsomba zimene tinganene kuti ankadya. Sizikudziwikanso ngati malo oikidwa munthu ndi omwe ankakhala moyo wake wonse.

Nyanja imakalambitsa mafupa

Zaka za fupa amazidziwa poyeza mtundu wina wa kaboni wotchedwa kaboni 14, amene theka lake limatha pa zaka 5,730 zilizonse. Koma madzi a pansi pa nyanja amakhala zaka mazana asanakumanenso ndi mpweya, motero kaboni wa m'nyanja ndi wakale kale. Nsomba yogwidwa lero ikhoza kuoneka ngati inafa zaka pafupifupi 400 zapitazo, ndipo wodya nsombayo amatengera ukalambawo, monga momwe ufa wa chaka chatha umalowera mu nsima ya lero. Anthu awiri oikidwa tsiku limodzi, msodzi ndi mlenje, akhoza kuoneka ngati anasiyana ndi zaka 200 kapena 300. Pokonza zimenezi amafunika kudziwa kuchuluka kwa za m'nyanja zimene munthuyo ankadya, chomwe ndi chinthu chimene chikufufuzidwacho. Ukalamba wa madzi umasiyananso gombe ndi gombe, ndipo funso lakuti unali wotani zaka masauzande zapitazo silinayankhidwe m'malo ambiri.

Fupa lomera m'khutu

Madzi ozizira akamalowa m'khutu mobwerezabwereza kwa zaka, khungu lopyapyala la m'ngalande ya khutu limatupa, ndipo fupa la pansi pake limayamba kumera timabampu tosalala. Masiku ano madokotala amationa mwa anthu osewera pa mafunde a nyanja. Zikufanana ndi chikanga cha m'manja mwa mlimi, kungoti ichi ndi cha fupa ndipo sichichoka. Pa chigaza chakale amatiyang'ana ndi tochi ndi galasi lokulitsa, n'kulemba kuti ngalande yatsekeka motani. Ayenera kutisiyanitsa ndi chotupa china cha fupa chimene chimamera chimodzi, khutu limodzi, pa kamtengo kopyapyala, pamene ta madzi ozizira timakhala ndi tsinde lalikulu ndipo kawirikawiri timapezeka m'makutu onse awiri.

Kale ena ankati ndi chibadwa cha mtundu. Mu 1986 Gail Kennedy anasonkhanitsa malipoti a m'mayiko ambiri, n'kuona kuti timachuluka kumene anthu ankafuna chakudya m'madzi ozizira, osafika madigiri 19. Mu 1997 Vivien Standen, Bernardo Arriaza ndi Calogero Santoro anayesa ganizoli pa zigaza zoposa 1,000 za kumpoto kwa Chile, kumene madzi a m'nyanja amazizira chaka chonse. Kugombe anapeza timabamputi pafupifupi 30 pa 100, m'zigwa pafupifupi 2 pa 100, ndipo kumapiri sanapeze. Amuna anali nato kuposa akazi. Mwa anthu a kugombewo munali a Chinchorro, asodzi amene anayamba kukonza mitembo kuti isawole zaka pafupifupi 7,000 zapitazo, Aiguputo asanayambe, ndipo malo awo analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2021. Pa iwowa umboni umagwirizana bwino: mbedza za zigoba ndi za minga, ndiponso mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nsomba zosapsa.

Khutu limanena kuti munthu ankanyowa ndi madzi ozizira, koma silinena chimene ankachita m'madzimo. Kodi ankalowa pansi kukazula nkhono, kapena mafunde ndi mphepo zinkamumenya ali pathanthwe? Akazi amene ankatola nkhono madzi akaphwera, osamiza mutu, sasiya chizindikiro chimenechi. Kodi kuchepa kwa timabampu mwa akazi kukusonyeza ntchito yochepa ya kunyanja, kapena ntchito ya mtundu wina?

Mikono, miyendo ndi pogwira minofu

Mu 1892 Julius Wolff analemba kuti fupa limasintha kaumbidwe malinga ndi katundu amene limasenza. Umboni wa masiku ano ulipo: mwa akatswiri a tenesi, khoma la fupa la mkono womenyera mpira linapezeka lokhuthala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3 kuposa la mkono winawo. Ofufuza amajambula fupa chopingasa ndi makina oona m'kati mwa thupi otchedwa CT, ngati kudula nsungwi, n'kuyeza kukhuthala kwa khoma ndi mmene lafalikira, kenako n'kuwerengera kukula kwa thupi la munthuyo, kuti wamkulu thupi asaoneke ngati wolimbikira ntchito. Mu 2001 Jay Stock ndi Susan Pfeiffer anayerekeza anthu a ku zilumba za Andaman, kum'mawa kwa India, odziwika ndi kupalasa mabwato ndi kusambira, ndi alenje akale a kumwera kwa Africa. A ku Andaman anali ndi mikono yolimba, pamene a ku Africa anali ndi miyendo yolimba, monga anthu oyenda pansi mitunda italiitali ngakhale ankakhala pafupi ndi nyanja.

Njira ina ndi kuyang'ana pamene minofu imagwira fupa. Pa mafupa a anthu a kumpoto kozizira kwambiri kwa Canada, Charles Merbs ndi Diane Hawkey anafotokoza dzenje la pansi pa fupa lolumikiza phewa ndi chifuwa, n'kuligwirizanitsa ndi kupalasa timabwato totchedwa kayak. Koma ofufuza atayesa njira yotereyi ku Portugal, pa mafupa a anthu amene zaka ndi ntchito zawo zinalembedwa, anapeza kuti chimene chimakulitsa kwambiri zizindikirozi ndi ukalamba, osati mtundu wa ntchito. Komanso fupa limamva katundu kwambiri pa unyamata, choncho limanena zambiri za ntchito ya pa zaka 15 kuposa ya pa zaka 40. Nkhafi, musi ndi khasu zimagwiritsa minofu yofanana ya paphewa. Kodi zingatheke kusiyanitsa wopalasa ndi wosinja pa fupa lokha? Ena akuyesa ndi zithunzi za pakompyuta zoyeza magulu a minofu pamodzi, ndipo ena akuti fupa lingangonena kuti ntchito inali yolemera, osati dzina lake.

Eni ake a mafupa

Kupima kulikonse kwa ma isotope kumawononga kachidutswa ka munthu, ndipo anthu a kugombe la Cape ndi makolo a anthu a mitundu ya San ndi Khoe amene alipo lero. Ku South Africa lamulo la National Heritage Resources Act la mu 1999 limafuna chilolezo munthu asanafukule manda akale. Mafupa ambiri amene ali m'mayunivesite anatengedwa kale lamuloli lisanakhalepo, ena mwa njira zosayenera. Mu 2017 University of Cape Town inapeza kuti mafupa a anthu 9 ochokera ku Sutherland anafukulidwa pa famu ina m'ma 1920 popanda chilolezo cha abale. Mabanja atafunsidwa, anapempha kuti kafukufuku achitike kuti adziwe za moyo wa makolo awo, ndipo anthuwo anaikidwanso m'manda mu November 2023.

Pa anthu amene anamwalira zaka 100 kapena 150 zapitazo, abale amatha kupezeka. Nanga pa munthu wa ku Matjes River amene anamwalira zaka 3,000 zapitazo, ndani ali ndi mphamvu yovomera kapena kukana? Mafupa akaikidwanso m'manda, njira zatsopano zimene zidzabwere sizidzawafikira, koma akasungidwa m'bokosi, pali anthu amene amaona kuti kholo lawo silinagone. Ngati mbadwa zagawikana maganizo, ena akufuna kudziwa ndipo ena akufuna kuika, mawu a ndani ayenera kutsatidwa, ndipo zotsatira zimene zinapezeka kale pa mafupa otengedwa mosayenera zizigwiritsidwabe ntchito kapena ayi?